Ku Karelia, Kumene Amuna Ankafa Asanamere Imvi

Pamene mwana wathu wachisamba anatilembera kuti tikamuone ku Finland, kumene anapita kukaphunzira za nkhalango, mitima yathu inali ikali yolemera ndi maliro. Panali patangopita miyezi isanu chiikire m'manda achimwene athu aakulu, munthu wa zaka 54, wojintcha, amene chibadwire sanagonepo m'chipatala. Iwo anagwa m'maŵa wina pakhomo pa sitolo yao atagwira pachifuwa, ndipo galimoto isanafike nao kuchipatala anali atatisiya kale. Pamaliropo panali manong'onong'o monga mudziŵa: ena ankati pali dzanja la munthu, ena ankaloza anzao ochita nao malonda. Koma dokotala ananena poyera kuti mtsempha wodyetsa mtima ndiwo unatsekeka, ndipo analangiza abale onse kuti akapimitse magazi. Atapimitsa bambo wa m'nyumba muno, anauzidwa kuti mafuta otchedwa cholesterol achuluka m'magazi mwao. Tinanyamuka ulendowu kapepala ka kuchipatalako kali m'chikwama, osadziŵa kuti tikupita kudera limene linalira maliro otere kwa zaka zambiri, mpaka eniake anadzuka ndi kuwaletsa.

Njira ya ku Joensuu

Kuchokera ku Helsinki, likulu la dzikolo, tinakwera sitima yapamtunda yoloŵera kumpoto chakum'maŵa, ndipo tinayenda maola anai ndi theka. Munali m'mwezi wa Ogasiti, nyengo yao yofunda, pamene dzuŵa limachedwa kuloŵa kotero kuti munthu aŵerenga kalata panja nthaŵi imene kwathu ana agona kale. Kumanja ndi kumanzere tinkangoona mitengo ya paini ndi ina ya makungwa oyera, kenaka nyanja, kenaka mitengo, kenakanso nyanja ina. Mwana wathu anatiuza kuti magawo atatu mwa magawo anai a nthaka ya Finland ndi nkhalango. Ife amene tazoloŵera mapiri ometedwa mpala ndi ootcha makala tinangoti kukamwa yasa.

Joensuu ndilo likulu la chigawo cha North Karelia, chimene chili m'malire ndi dziko la Russia. Dzinali litanthauza mathiriro a mtsinje, pakuti tauniyi inamangidwa m'chaka cha 1848 pamene mtsinje wa Pielisjoki uthira m'nyanja ya Pyhäselkä. Pamsika wa pakati pa tauni tinapeza zinthu ziŵiri zimene zinatikumbutsa kwathu. Choyamba ndi tinsomba totchedwa muikku, tofanana ndi usipa wathu, timene amatikazinga ndi kutidya ndi mitu yomwe. Chachiŵiri ndi amai ovala maepuloni, ogulitsa khofi ndi timikate ta Chikarelia pakanyumba ka bungwe lao lotchedwa Martta. Kamkateko kali ngati kabwato: kunja ndi ufa wa mbeu yonga tirigu yotchedwa rye, m'kati muli phala la mpunga. Mwa mwambo wao amakapaka batala wosakaniza ndi mazira oŵiritsa. Tinadya tiŵiritiŵiri ndi kunyambita zala, ndipo mwana wathu anaseka nati, "Bambo, idyani lero lokha. Maŵa ndikupita nanu kwa munthu amene akuuzeni mbiri ya batala ameneyu."

Kumanda a ku Ilomantsi

M'maŵa mwake tinapita ku Ilomantsi, dera lakum'maŵa kwenikweni kwa Finland, ulendo wa ola limodzi pagalimoto. Kumeneko tinalandiridwa ndi mai wina wa zaka za m'ma 70, amai ake a mnzake wa mwana wathu. Asanatipatse mpando anatitengera kumanda a pafupi ndi tchalitchi, malo aukhondo okhala pansi pa mitengo ya paini. Anatipempha kuti tisaŵerenge maina, koma zaka zokha zolembedwa pamiyala. Tinayamba kuchotsera chaka chobadwa ku chaka chomwalira monga ana a sukulu. Kupatula manda a asilikali, amene ali paokha, tinaona miyala yambiri ya amuna amene anamwalira m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ali ndi zaka makumi anai kapena asanu, pamene akazi ao, olembedwa pamwala womwewo, anatsala ndi moyo zaka zina makumi aŵiri kapena atatu.

Maiyo anaima pa mwala wina nati, "Aŵa ndi atate anga. Anagwa m'nkhalango nkhwangwa ili m'manja, ine ndili mtsikana wa sukulu. Sanali onenepa iai, anali munthu wa minofu yokhayokha. Masiku amenewo mwamuna akafika zaka 50 tinkamuyesa nkhalamba yamwai." Tinayang'anana, pakuti mau ameneŵa akadatha kunenedwa pamanda a achimwene athu. Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pobwerera kunyumba anatifotokozera moyo wa nthaŵi imeneyo. Nkhondo itatha m'chaka cha 1944, Finland inalandidwa gawo lalikulu la Karelia ndi dziko la Soviet Union, ndipo anthu oposa 400,000 anasamukira mbali ino ya malire. Boma linagaŵira malo othaŵa nkhondowo pamodzi ndi asilikali obwerera kwao. Dziko lake ndi lozizira, nyengo yolima ndi yaifupi, koma msipu umamera bwino. Motero banja lililonse linaŵeta ng'ombe zamkaka zoŵerengeka ndi nkhumba. M'nyengo yachisanu amuna ankapita kukadula mitengo m'chipale chofeŵa, ntchito yofuna chakudya champhamvu. Ankadya buledi wopaka batala wochindikala, mkaka wosachotsa mafuta, nyama ya nkhumba yonona yothira mchere wambiri, ndi khofi woŵiritsa m'ketulo wosasefa, fodya ali pakamwa. Ndiwo zamasamba ankati ndi chakudya cha ziŵeto. Anthu amene anaona njala ya nkhondo ankayesa batala chizindikiro chakuti umphaŵi watha, monga momwe ife tiyesera nyama yonona ndi chakudya chosambira m'mafuta.

Ku Ilomantsi komweko ndiko kunafika madokotala m'chaka cha 1959 kudzapima amuna a zaka 40 mpaka 59. Iyi inali mbali ya kafukufuku wa m'maiko asanu ndi aŵiri amene anatsogolera Ancel Keys wa ku America, ndipo ku Finland ankayang'anira ndi Martti Karvonen. Atatsatira amunawo kwa zaka zambiri, anapeza kuti a kum'maŵa kwa Finland ankafa ndi nthenda ya mtima kuposa magulu ena onse, pamene a pachilumba cha Crete ku Greece anali m'gulu la ofa pang'ono kwambiri. Chodabwitsa chinali chakuti anthu a ku Crete naonso ankadya mafuta ochuluka. Kusiyana kwake kunali pa mtundu wa mafutawo: a ku Crete anali a azitona, a ku Karelia anali a mkaka ndi nyama.

Chimene chichitika m'mitsempha

Madzulo ake, mwana wamkazi wa maiyo, amene ndi namwino, anaona kapepala kathu kaja natifotokozera zimene tifuna kuti nanunso aŵerengi mumve. Cholesterol payekha si mdani. Thupi limamufuna pomanga tizigawo take tating'onoting'ono, popanga ndulu yogayira chakudya, popanga vitamini D ndi timadzi tina toyendetsa thupi. Wambiri amapangidwa ndi thupi lathu lomwe. Wochokera m'chakudya ndi wochepa. Popeza mafuta sasungunuka m'madzi, cholesterol amayenda m'magazi atakulungidwa m'timitolo. Timitolo totchedwa LDL timamunyamula kupita naye m'thupi monse, ndipo totchedwa HDL timathandiza kumubweza kuchiŵindi.

Chiŵindi chili ndi tizitseko tokolera LDL ndi kumuchotsa m'magazi. Anatulukira zimenezi ndi Michael Brown ndi Joseph Goldstein, amene analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1985. Munthu akamadya kwambiri mafuta oundana, ndiye kuti aja amalimba akazizira monga batala, mafuta a ng'ombe ndi a nkhumba, tizitsekoto timachepa, ndipo LDL amatsalira wambiri m'magazi. Pang'onopang'ono amaloŵerera m'khoma la mtsempha, pamene pamayamba kutupa ndi kuunjikana zinthu zonga phala. Izi zimatenga zaka makumi aŵiri kapena atatu munthu osamva kupweteka kulikonse. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi amaundana pamenepo, njira nkutsekeka. Zikachitikira mumtsempha wodyetsa mtima, munthu amagwa monga anagwera achimwene athu. Zikachitikira mumtsempha wopita ku ubongo, amafa ziŵalo. Fodya ndi kuthamanga kwa magazi zimawononga khoma la mtsempha ndi kufulumizitsa zonsezi. Kale m'chaka cha 1913, mumzinda wa St Petersburg kutsidya kwa malire, Nikolai Anichkov anali ataonetsa kuti akalulu odyetsedwa cholesterol amachita zotupa zotere m'mitsempha yao.

Mafuta amadzimadzi, monga a mpendadzuŵa, soya, mtedza, azitona, mapeyala ndi nsomba, akaloŵa m'malo mwa oundana aja amatsitsa LDL. Koma namwinoyo anatichenjeza pa zinthu zitatu. Mafuta a kanjedza wa mtundu wa palm ndi a kokonati, ngakhale ndi ochokera ku zomera, ali ndi mafuta oundana ambiri. Mafuta amene amaumitsidwa kufakitale, otchedwa trans fat, ndiwo oipitsitsa, kotero kuti m'chaka cha 2018 bungwe la za umoyo la World Health Organization linapempha maiko onse kuti awachotseretu m'zakudya. Ndipo munthu wosiya mafuta nkuyamba kukhuta shuga, zakumwa zotsekemera ndi buledi woyera sanapindule kanthu. Tinafunsa za mazira, popeza tinamva kale kuti ndi oopsa. Anayankha kuti kwa anthu ambiri cholesterol wa m'dzira sakweza wa m'magazi kwambiri monga amachitira mafuta oundana, ndipo anaseka nati pa kamkate kaja wolakwa wamkulu ndi batala.

Pempho la chaka cha 1971

M'mwezi wa Januwale 1971, atsogoleri a North Karelia, pamodzi ndi bwanamkubwa wa chigawocho Esa Timonen ndi aphungu a nyumba ya malamulo, anasaina kalata yopempha boma kuti liwathandize msanga, pakuti amuna ao anali kutha. Taonani kuti sanadikire alendo kudzawauza vuto lao. Iwo eni ndiwo anayamba kulira. M'chaka cha 1972 inayamba ntchito yotchedwa North Karelia Project, ndipo anaika kutsogolo dokotala wachinyamata, Pekka Puska, amene anali asanakwanitse zaka 30.

Poyamba anapima anthu zikwi zingapo kuti adziŵe poyambira. Anapeza kuti pa amuna 100 alionse, 52 ankasuta fodya. Kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 ankapaka batala pa buledi. Ndi kuti muyeso wa cholesterol wa amuna, kuuika pakatikati, unali 6.9, pamene madokotala amafuna kuti usapitirire 5. Apa ndi pamene panagona nzeru ya ntchitoyi. Anaona kuti sikungathandize kusankha anthu oŵerengeka odwalitsa ndi kuwapatsa mankhwala, popeza chigawo chonse chinali kudya mofanana. Kunafunika kusintha mphika wa mudzi wonse, sitolo imene amagulako, ndi fakitale imene imapanga chakudyacho.

Sizinali zapafupi. Alimi a ng'ombe zamkaka anaona ngati dokotalayo akufuna kuwalanda chakudya pakamwa, ndipo makampani a mkaka analimbana naye zaka zambiri. Maiyo anatiuza kuti amalume ake ankazima wailesi akangomva dzina la Puska. Koma antchitowo sanatope. Anayenda m'midzi, m'masukulu ndi m'malo antchito. Anaphunzitsa anamwino kupima kuthamanga kwa magazi ndi kusunga kaundula wa odwala. Anakambirana ndi opanga buledi kuti achepetse mchere, ndi opanga masoseji kuti achepetse mafuta, ndi a mkaka kuti agulitse mkaka wochotsa mafuta. Anasankhanso anthu omveka m'mudzi uliwonse kuti azikamba nkhaniyi pocheza ndi anzao. Pambuyo pake midzi inkachita mpikisano woona mudzi umene utsitse cholesterol kuposa unzake.

Amai a Marita

Pa onse amene anagwira ntchitoyi, amene anatikhudza mtima ndi amai a bungwe la Martta lija. Bungweli linayambitsidwa m'chaka cha 1899 ndi Lucina Hagman kuti liphunzitse amai kusamala mabanja, ndipo dzina lake ndi la Marita wa ku Betaniya, uja anatanganidwa ndi kutumikira alendo. Amai a chigwirizano kwathu kuno akadawazindikira msanga anzao ameneŵa. Iwo ankaitana mabanja a m'mudzi kumaphwando amene ankawatcha a moyo wautali, kumene ankaphika zakudya zozoloŵereka koma mwa njira yatsopano, kuti amuna alaŵe okha. Nyama yamphika ya Chikarelia, imene kale inali nyama, madzi ndi mchere basi, anaithira kaloti ndi ndiwo zina za m'dimba, nachepetsa mafuta ndi mchere. Amai ake a mwininyumba wathu, atataya mwamuna, anali mmodzi wa ophikawo. "Amai ankati mwamuna sungamuuze kuti asiye batala," anatero maiyo, "koma ukamuikira mbale yokoma patsogolo amadya osafunsa."

Kwa alimi kunafunika njira ina yopezera ndalama. M'zaka za m'ma 1980 analimbikitsidwa kulima tizipatso tonga mabulosi timene timakonda dziko lozizira, ndiponso mbeu ya mtundu wa repu ndi mpiru, imene njere zake zimatulutsa mafuta abwino ophikira. Motero Finland inapeza mafuta amadzimadzi olimidwa m'nthaka yake. Tsiku lachitatu maiyo anatitengera m'nkhalango ndi tizidebe, pakuti kumeneko munthu aliyense ali ndi ufulu wothyola zipatso zakuthengo ndi kuzula boŵa ngakhale m'nkhalango ya mwini. Tinabwerako milomo ili bii ndi tizipatso totchedwa mustikka, msana ukuŵaŵa, koma tikuseka ngati ana.

Pamwamba pa Koli

Tisanachoke tinakwera phiri la Koli, limene nsonga yake ndi mamita 347 okha. Ife odziŵa Mulanje tinaliyesa chulu, koma titafika pamwamba tinakhala chete. Pansi pathu panali nyanja ya Pielinen ndi zilumba zake zobiriŵira, nkhalango ikufika mpaka kumene maso alekezera. Tinakhala pathanthwe loyera ndi kuŵerengera zimene dziko lija linakolola.

M'chaka cha 1977 ntchito ija inafalitsidwa m'dziko lonse la Finland. Pofika zaka zoyamba za m'ma 2000, opaka batala pa buledi sankakwananso mmodzi mwa 10. Muyeso wa cholesterol wa amuna a ku North Karelia unatsika kufika pafupifupi 5.5. Ndipo patapita zaka 40 chiyambire, imfa za nthenda ya mitsempha ya mtima pakati pa amuna a zaka 35 mpaka 64 zinali zitatsika ndi magawo oposa 80 pa 100. Kunena zoona, si batala yekha anachita zimenezi. Osuta fodya anachepa, mchere unachepa, kuthamanga kwa magazi kunayamba kuchizidwa, ndipo imfazo zinatsikanso m'zigawo zina za dzikolo. M'zaka zapambuyo zipatala zinapeza njira zatsopano, pamodzi ndi mankhwala otsitsa cholesterol otchedwa statin, amene kafukufuku wa odwala mtima 4,444 a m'maiko a kumpoto kwa Ulaya anaonetsa m'chaka cha 1994 kuti amapulumutsa moyo. Komabe akatswiri a ku Finland ataŵerengera, anapeza kuti m'zaka makumi aŵiri zoyamba mbali yaikulu ya phindulo inachokera ku kusintha kwa cholesterol, fodya ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pa zitatuzi cholesterol ndiye anatsogola. Zoonadi tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Zimene tabwera nazo

Tisanamizane, Malaŵi si Finland. M'midzi yathu yambiri vuto la ana ndi kuchepa kwa mafuta m'chakudya, osati kuchuluka kwake. Mwana wamng'ono amafuna mafuta kuti akule, kuti ubongo wake ukhwime, ndi kuti thupi lilandire mavitamini A, D, E ndi K. Ndi chifukwa chake ana onyentchera amapatsidwa chiponde kuchipatala. Tsono mai asaleke kuthira nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta m'phala la mwana chifukwa cha nkhani ino.

Koma m'matauni ndi m'misika ya m'mbali mwa miseu zinthu zasintha. Tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza mpaka kuda, kanyenya wonona, masoseji, mandasi ndi majarini wochindikala zasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku cha amene ali ndi kandalama, ndipo mimba yotsogola timaitcha chizindikiro cha ubwana. Kafukufuku amene Unduna wa za Umoyo unachita pamodzi ndi World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziŵa. Chotikomera ife ndi chakuti zimene anthu a ku Karelia anachita kuphunzira movutikira, makolo athu anali nazo kale: nkhwani ndi bonongwe wotendera, nyemba, nandolo, usipa, mgaiwa, mapeyala ndi zipatso za nyengo yake. Chofunika ndi kuleka kuzichitira manyazi.

Inu makolo, pitani mukapimitse kuthamanga kwa magazi, ndipo kumene kuli kotheka mukapimitsenso cholesterol, makamaka ngati m'banja mwanu wina anagwapo mwadzidzidzi akali wamphamvu. Alipo mabanja amene cholesterol wokwera ndi wakumtundu, pafupifupi munthu mmodzi mwa 250, ndipo otereŵa chakudya chokha sichikwanira, amafunika mankhwala. Inu achinyamata, kumbukirani kuti zotupa za m'mitsempha zimayamba munthu akali mnyamata, ndipo ndudu yoyamba ndiyo yosavuta kuikana. Inu amai a m'magulu, mphika uli m'manja mwanu monga unalili m'manja mwa anzanu a ku Karelia; pamisonkhano yanu ndi pamaphwando a ukwati yesani kuika patebulo mbale imodzi yophikidwa mwa njira ina.

Potsazikana, mai wa ku Ilomantsi uja anatipatsa kabotolo ka jamu wa zipatso zimene tinathyola limodzi, nagwira dzanja la bambo wa m'nyumba muno nati, "Atate anga sanauzidwe ndi munthu. Inu mwauzidwa." Titafika kwathu tinapita kukaona alamu athu, amasiye a achimwene aja, ndipo tinatsegula kabotoloko pamodzi ndi ana ao atatu. Tinawasimbira za manda a pansi pa mitengo ya paini, ndi za kalata ya chaka cha 1971. Loŵeruka lotsatira mwana wao wamkulu anabwera m'mamaŵa kudzatitenga kuti timperekeze kukapimitsa, ndipo ang'ono ake aŵiri anali atakhala kale m'galimotomo.